Mkaka wanu ukhala masiku angati? Kasankhidwe, kawiritsidwe ndi kasungidwe kake

Mu golosale imodzimodzi mupeza mkaka wa m'jumbo uli mu furiji, pomwe wa m'katoni uli pashelefu pambali pa shuga ndi sopo, ndipo wakhala pamenepo miyezi itatu osasintha. Panja pa golosaleyo pali bambo wa njinga ndi chigubu cha mkaka wokama m'mawa womwewo, umene pofika masana dzuwa la Okutobala likauwomba ukhala utayamba kusasa. Wonsewu ndi mkaka wa ng'ombe. Chimene chikuusiyanitsa ndi moto umene unalandira, chinthu chimene anautsekeramo, ndi kuzizira kwa malo amene waikidwa.

Gwirani mfundo iyi musanapitirire: tsiku lolembedwa pa paketi limagwira ntchito pokhapokha paketiyo ili yosatsegula ndipo yasungidwa mmene opanga ananenera. Mukangodula kakona ndi lumo, tsikulo latha ntchito. Mkaka wa m'katoni uja, wotha kukhala miyezi isanu ndi umodzi, usanduka wa masiku atatu, ndipo ngati mulibe furiji, wa maola ochepa.

Chifukwa chake n'chakuti mkaka ndi chakudya chabwino kwa mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso, monga mmene ulili kwa ife. Muli madzi, shuga, mafuta ndi mapuloteni. Pamalo ofunda mabakiteriya ena amatha kuwirikiza chiwerengero chawo pa mphindi 20 zilizonse. Amadya shuga wa mumkaka n'kutulutsa asidi, ndipo asidiyo akachuluka mkaka umasasa n'kugwirana. Amakula msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60 a Celsius, ndipo kutentha kwa m'nyumba zathu chaka chonse kuli pakati pomwepo. Ntchito yonse yosunga mkaka ndi kuutulutsa msanga m'dera limeneli: kaya kuutenthetsa kwambiri, kaya kuuziziritsa kwambiri.

Gawo 1: Dziwani mtundu wa mkaka umene mwanyamula

Tembenuzani paketi muwerenge. Mawu ake amakhala a Chingerezi koma ndi ochepa.

Mukaona Pasteurised kapena Fresh milk, pamodzi ndi Keep refrigerated, ndiye kuti mkakawo unatenthetsedwa pa madigiri 72 kwa masekondi 15, kapena pa madigiri 63 kwa mphindi 30, kenako n'kuziziritsidwa. Moto umenewu umapha tizilombo toyambitsa matenda koma sumaliza mabakiteriya onse. Otsalawo amangodikira kuti mkaka ufunde. Ndiye malo ake ndi mu furiji kuyambira ku fakitale mpaka kunyumba kwanu, ndipo umakhala sabata imodzi, ukapitirira awiri, malinga ndi fakitale.

Mukaona UHT kapena Long life, mkakawo unafikitsidwa pa madigiri 135 kapena kuposerapo kwa masekondi ochepa, n'kutsekeredwa m'paketi yopanda tizilombo. Uwu ndi wa pashelefu.

Mawu akuti Use by kapena Expiry akutanthauza kuti tsikulo likadutsa musagwiritse ntchito. Best before ndi tsiku limene opanga akutsimikiza kuti kukoma ndi maonekedwe zikhala zili bwino. Onaninso ngati pali chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards pa mkaka wopangidwa kuno.

Kenako igwireni paketiyo. Ya m'furiji izimveka yozizira m'manja, osati yongofunda chifukwa furiji ya m'golosale inazimitsidwa usiku pofuna kusunga mayunitsi. Yotupa, yodontha, kapena yomata kunja isiyeni, ngakhale tsiku lake litakhala la mwezi wamawa.

Gawo 2: Ngati ndi wosawiritsa, uyeseni musanalipire

Mkaka wambiri umene timamwa m'makomo sudutsa ku fakitale. Ku Thyolo, Chiradzulu, Mulanje ndi madera ozungulira Blantyre, komwe kuli alimi ambiri a ng'ombe za mkaka, komanso ku Lilongwe ndi Mzuzu, mlimi amakama m'mawa, wina amapita nawo kumalo osonkhanitsira mkaka a gulu lawo komwe kuli thanki yoziziritsira, wina amagulitsa kwa anzake apamudzi kapena kwa mavenda. Wa mavendawu ndi wotchipa ndiponso wokoma, koma nthawi yake ndi yaifupi kuposa mitundu ina yonse.

Mkaka ukangotuluka m'bere uli ndi mphamvu yakeyake yoletsa mabakiteriya kuchulukana, koma mphamvuyo imatha pakapita maola awiri kapena atatu. Kukatentha, pofika maola anayi mpaka asanu ndi limodzi umakhala utayamba kusintha. M'nyengo ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, umapirira pang'ono. Ku Chikwawa ndi Nsanje mu Novembala musayembekezere chifundo chotere.

Funsani kaye kuti, "Bambo, mwakama nthawi yanji?" Ngati yankho ndi la dzulo madzulo, kapena akuti asakaniza wa dzulo ndi wa lero, dziwani kuti mukugula mkaka umene watsala ndi nthawi yochepa.

Kenako ununkhizeni ndi kuuyang'ana. Uzikhala woyera kapena wopita ku chikasu pang'ono, wopanda ubweya, timagazi kapena tizibulumwa. Fungo la khola, la utsi kapena la mafuta ophikira likukuuzani mmene chigubu chinatsukidwira.

Kuyesa kodalirika ndi kwa moto. Tengani mkaka pa supuni yachitsulo, muuike pamwamba pa kandulo kapena pa makala mpaka uwire. Wabwino umawira osasintha. Ukagwirana n'kusiya timadzi pambali, asidi wachuluka kale, ndipo mukauthira m'poto wonse udzachita chimodzimodzi. Kumalo osonkhanitsira mkaka amayesa zofanana ndi izi posakaniza mkaka pang'ono ndi spiriti yoyezera, ndipo ukagwirana amaubweza. Amakhalanso ndi kachipangizo koyandama kotchedwa lactometer, kamene pa mkaka wosathira madzi kamaonetsa pafupifupi 1.030. Kunyumba mulibe kachipangizoko, koma mutha kudonthezera mkaka pa mbale yopendekeka: wosathira madzi umatsika pang'onopang'ono n'kusiya mzere woyera, wothira madzi umangothamanga. Si muyeso weniweni, koma wothira madzi ambiri umagwidwa nawo. Vuto la madziwo si kuberedwa kokha. Simudziwa kuti anatungidwa pati.

Gawo 3: Wiritsani, ndipo muziziritse msanga

Mkaka wosawiritsa ukhoza kunyamula TB ya ng'ombe, matenda a brucellosis amene amachititsa ng'ombe kutaya bere ndipo kwa munthu amabweretsa kutentha thupi kobwerabwera, komanso tizilombo totsegula m'mimba monga Salmonella ndi E. coli. Ng'ombe yonenepa, yooneka yathanzi, ikhoza kukhala nazo. Choncho mkakawu usapite mu tiyi kapena m'kapu ya mwana usanaone moto, ngakhale ng'ombeyo ndi yanu.

Sefani kaye pa kansalu koyera kowiritsa. Tsukuluzani poto ndi madzi ozizira musanathiremo mkaka, chifukwa timadzi totsala pansipo timathandiza kuti usapserere. Potoyo akhale wamkulu, mkaka usadutse theka. Ikani pa moto wapakatikati. Pa mbaula, dikirani makala ayake bwino utsi uthe, poti mkaka umakoka fungo la utsi. Takasani ndi supuni yoyera kufikira pansi, ndipo musachoke. Mkaka umakhala phee nthawi yaitali, kenako mukangotembenuka kuti mutenge chivundikiro wasefukira.

Ukayamba kukwera, chepetsani moto kapena sunthirani poto pambali, upitirize kuwira pang'onopang'ono mphindi ziwiri kapena zitatu mukutakasa. Zakwana. Kuwiritsa theka la ola sikuwonjezera masiku, kumangoumitsa mkaka ndi kuupatsa fungo lopserera.

Amene ali ndi chopimira kutentha ndipo safuna kukoma kwa mkaka wowira akhoza kuika poto wa mkaka m'kati mwa poto wina wa madzi otentha, n'kuusunga pa madigiri 63 kwa mphindi 30. Koma popanda chopimira musayerekeze. Chala sichiyeza madigiri.

Pano ndi pamene ambiri amalakwitsa. Akawiritsa amausiya pa chitofu kuti uzizire wokha, mwina osavundikira. Poto wa malita atatu amatenga maola angapo kuti azizire, ndipo nthawi yonseyo mkaka uli pa kutentha kumene mabakiteriya amakonda. Alipo ena, monga a mtundu wa Bacillus, amene amadzitsekera m'chikhokho cholimba moto ukabwera ndipo kuwira sikuwapha. Mkaka ukafunda amadzuka, ndipo amapeza anzawo opikisana nawo atafa onse.

Ndiye chitani izi. Vundikirani poto, mumuike m'beseni la madzi ozizira, madziwo afike pa mlingo wa mkaka koma asalowe. Akafunda, tayani muthire ena. Kawiri kapena katatu mkaka ukhala utazizira. Ngati muli ndi furiji, ulowe pomwepo. Ngati mukuusamutsira m'botolo, botololo likhale loti mwalitsuka ndi sopo ndi kulithira madzi owira, chifukwa mkaka wowiritsa wothiridwa m'botolo losatsuka bwino wabwerera pomwe unali.

Mu furiji mkaka wotere muumalize pa masiku atatu. Popanda furiji, muuwerengere theka la tsiku: wowiritsa m'mawa uthe pofika madzulo. Ngati mukufuna ugone, uwiritseninso madzulo, muvundikire, muusiye m'beseni la madzi kapena mukulunge potoyo ndi chiguduli chonyowa pamalo odutsa mphepo, ndipo m'mawa muuwiritsenso musanamwe. Kuwiritsa kobwereza kumachepetsa mavitamini ena ndipo sikungachitike masiku ambiri. Usiku umodzi ndiye malire. Musatunge ndi kapu imene mwamwera.

Gawo 4: Wa m'jumbo ufike kunyumba ukadali wozizira

Mkaka wa pasteurised muzigula pomaliza, mutatenga kale zina zonse, ndipo mukatuluka muzilunjika kunyumba. Ukakhala kunja kwa furiji maola oposa awiri wataya masiku ake ambiri, ndipo m'nyengo yotentha ola limodzi ndi lokwanira. Ulendo wa minibasi kuchoka ku Limbe kupita ku Chirimba nthawi imene anthu akuweruka, jumbo ili pamiyendo pafupi ndi injini, ukhoza kudya masiku awiri pa tsiku lolembedwa lija. Kukulunga paketi ndi nyuzipepala kapena chitenje kumathandiza.

Mu furiji, musauike pa chitseko. Ndi malo ofunda kuposa onse chifukwa chimatsegulidwa pafupipafupi. Ikani mkati, kumbuyo, pashelefu yapansi koma kutali ndi nyama yaiwisi. Furiji izikhala pa madigiri 4 kapena kutsika pang'ono. Kusiyana kwa madigiri 4 ndi 8 kumamveka kochepa, koma pa mkaka ndi masiku angapo.

Jumbo yotsegula siima yokha ndipo sitsekeka. Dulani ndi lumo loyera, osati mano, muthire mkaka m'jagi kapena m'botolo lokhala ndi chotsekera. Mkaka wosatseka umakoka fungo la usipa ndi anyezi. Umalizeni pa masiku awiri kapena atatu. Wotsala m'kajagi ka pa tebulo nthawi ya tiyi usabwezeredwe m'botolo lalikulu, ndipo watsopano usathiridwe pamwamba pa wakale.

Kuwala nakonso kumawononga. Mkaka wa m'botolo loonekera mkati ukakhala padzuwa, kapena pansi pa magetsi owala a m'furiji ya m'sitolo, umataya vitamini B2 ndipo umayamba kukoma ngati pepala. N'chifukwa chake mapaketi abwino saonetsa za mkati.

Magetsi akazima, furiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi. Filiza yodzaza imafika masiku awiri, yodzaza theka tsiku limodzi. Choncho lamulo loyamba ndi kuletsa ana kutsegulatsegula. Sungani mabotolo awiri atatu a madzi oundana mu filiza, ndipo magetsi akapita muwaike pambali pa mkaka. Mukaona kuti maola anayi akutha magetsi osabwera, tulutsani mkakawo muuyese pa supuni, ndipo ngati sunagwirane uwiritseni muugwiritse ntchito tsiku lomwelo.

Mkaka umasungika mu filiza mpaka miyezi itatu. Siyani mpata m'botolo chifukwa ukaundana umatupa. Posungunula, uikeni mu furiji usiku wonse, osati padzuwa, kenako khutchumulani chifukwa mafuta amapatukana. Kukoma kumasintha pang'ono, koma mu phala ndi mu tiyi simungazindikire. Ukasungunuka usabwererenso mu filiza, ndiye komwe magetsi amazimazima njirayi si yodalirika kwenikweni.

Gawo 5: Wa m'katoni, mugule wa saizi imene mumaliza

Kwa banja lopanda furiji, UHT ndi umene uli ndi nzeru. Katoni yake ili ndi zigawo zingapo: pepala lolimba, pulasitiki, ndi kachitsulo kopyapyala ka aluminiyamu koletsa mpweya ndi kuwala. Kampani ya Tetra Pak ya ku Sweden ndi imene inafalitsa katsekedwe kotereka kuyambira m'zaka za m'ma 1960. M'katoni yotere mkaka umakhala miyezi isanu ndi umodzi mpaka isanu ndi inayi. Palinso UHT wa m'mapaketi ofewa okhala ngati pilo. Uwu nthawi yake imakhala yocheperapo, ndipo umabooka msanga, choncho werengani tsiku ndipo musaupanikize pansi pa thumba la ufa.

Anthu ena amati mkaka umenewu suwonongeka chifukwa anathiramo mankhwala. Ayi. Ndi moto ndi katsekedwe basi. Kukoma kwake kokhala ngati wophika kumachokera ku moto womwewo.

Ngakhale ndi wa pashelefu, sukonda kutentha. Katoni zosanjidwa pawindo la okala, kapena pansi pa denga la malata, zimakalamba msanga: mkaka umapita ku bulauni, umakhala ndi zinthu zodikha pansi, nthawi zina umalimba kapena kuwawa tsiku lisanakwane. Sungani pansi, pamthunzi, pamalo ouma.

Katoniyi ili ngati nkhokwe yomata bwino, imene chimanga chake chimakhala mpaka tsiku limene mwaboola. Mukatsegula, mkakawo ukufanana ndi wina uliwonse wowiritsa. Mu furiji ndi masiku atatu mpaka asanu, ndipo opanga amalemba chiwerengero chawo pambali pa katoni. Popanda furiji ndi tsiku lomwelo. Choopsa chake n'chakuti UHT ukamawonongeka nthawi zambiri susasa ngati mkaka wamba. Ukhoza kungowawa kapena kununkha pang'ono, munthu n'kumaganiza kuti ukadali bwino.

Ndiye musanyengeke ndi mtengo wa lita. Ngati pakhomo panu mumamwa kapu imodzi patsiku ndipo mulibe furiji, paketi ya mamililita 250 ndi yotchipa kuposa lita imene gawo lake lalikulu mudzataya. Lembani tsiku lotsegulira pa katoni ndi cholembera. M'nyumba ya anthu ambiri palibe amene amakumbukira kuti inatsegulidwa liti.

Gawo 6: Wotsala upangeni chambiko usanawonongeke

Njira yakale yotalikitsa moyo wa mkaka ndi kuusasitsa dala. Mabakiteriya abwino akachuluka amatulutsa asidi wambiri moti oipa ambiri amalephera kukula. Koma chambiko chabwino chimapangidwa ndi mkaka wabwino, osati umene wayamba kale kununkha.

Wiritsani mkaka monga tafotokozera. Uziziritseni mpaka ungokhala wofunda pang'ono, woti dontho lake pa dzanja silikuwotcha ngakhale pang'ono. Thirani masupuni awiri kapena atatu a chambiko chatsopano pa lita imodzi, cha m'sitolo kapena chimene munapanga dzulo chikakhala chinatuluka bwino. Takasani, vundikirani, muike pamalo osagwedezeka. M'nyengo yotentha chimagwira pa maola 12 kapena kupitirira pang'ono, m'nyengo yozizira chimatha kutenga tsiku lathunthu. Chikagwira, takasani muike mu furiji, mmene chimakhala sabata imodzi mpaka awiri. Kunja kwa furiji chimapitiriza kusasa, ndipo pakapita masiku awiri chimakhala chowawasa kwambiri ndi chopatuka madzi.

Chambiko chabwino chimanunkhira chisasa choyera ndipo chimagwirana mosalala. Chikatuluka thovu lambiri, chikatupitsa botolo, chikamanyulula ngati therere, chikawawa, kapena chikamera nkhungu pamwamba, tayani chonse. Mbewu yanu, chambiko chothira mumkaka chija, mukaibwereza kangapo imafooka ndi kudetsedwa, ndiye nthawi ndi nthawi yambaninso ndi cha m'sitolo.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Mkaka wosawiritsa wosiyidwa kuti usase wokha umagwiradi, ndipo makolo athu ankadya, koma asidi wake satsimikiza kuti TB ya ng'ombe ndi brucellosis zafa. Wiritsani kaye, kenako thirani mbewu. Chachiwiri, mkaka wa m'jumbo kapena wa m'katoni umene wawonongeka mu furiji si chambiko. Mabakiteriya osasitsa anafa ku fakitale, ndipo amene akula mmenemo ndi owoletsa. Umenewo musapatse ana poganiza kuti wangosasa.

Ngati mwachita zonse bwino koma mkaka wakana kugwira, nthawi zambiri ndiye kuti ng'ombeyo inabayidwa mankhwala opha mabakiteriya ndipo akadali mumkaka.

Gawo 7: Wa ufa ndi wa m'chitini

Mkaka wa ufa umakhalitsa chifukwa mulibe madzi oti mabakiteriya akuliremo. Chitini kapena paketi yosatsegula imatha chaka kapena kuposerapo, ndipo wochotsa mafuta umakhalitsa kuposa wa mafuta onse, poti mafutawo ndi amene amayamba kununkha. Mukatsegula, opanga ambiri amalangiza kumaliza pa mwezi umodzi. Mdani wake ndi chinyezi, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi. Supuni ikhale youma, isakhale imene mwatakasira tiyi, ndipo chitini chisatsegulidwe pamwamba pa ketulo yotuluka nthunzi. Wa m'paketi muusamutsire m'botolo lotseka bwino. Musauike mu furiji, chifukwa potulutsa umachita thukuta n'kuumbika.

Mukasungunula, gwiritsani madzi owiritsa, ndipo kuyambira pamenepo muuone ngati mkaka watsopano. Sungunulani wokwanira nthawi imeneyo.

Timajumbo ta ufa woyera tomangamanga ta pamsika tilibe tsiku, tilibe dzina. Nthawi zina si mkaka n'komwe koma ufa woyeretsera tiyi, wopangidwa ndi mafuta a zomera ndi shuga. Mu tiyi ulibe vuto, koma si chakudya cha mwana.

Wa m'chitini ulipo wa mitundu iwiri. Condensed ndi wolimba, wotsekemera, ndipo shuga wake wochulukayo ndi amene amausunga. Evaporated anangouchotsa madzi oposa theka n'kuuphikira m'chitini momwemo, mulibe shuga wowonjezera. Yonse imakhala chaka kapena kuposa isanatsegulidwe. Mukatsegula, samutsirani m'botolo loyera muike mu furiji: evaporated masiku atatu mpaka asanu, condensed sabata imodzi kapena awiri. Chitini chotupa, cha dzimbiri, kapena chophwanyika m'mphepete mwa chivundikiro musagule.

Za makanda ndi zina. Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi amafunika bere lokha, ndipo mkaka wa ng'ombe, wa condensed kapena ufa wamba si wolowa m'malo mwake. Ngati achipatala alangiza mkaka wa ana wa m'chitini, sungunulani ndi madzi owiritsa amene akadali otentha, osachepera madigiri 70, muziziritse musanamwetse. Wosungunula ukakhala maola awiri kunja kwa furiji tayani, ndipo wotsala m'kapu mwana atamwa usasungidwe.

Gawo 8: Ngati ndinu wokama

Masiku a mkaka amayamba kuwerengedwa m'khola. Fakitale singakonze mkaka umene unafika utadzaza kale mabakiteriya, chifukwa ngakhale moto utawapha, zimene anatulutsa zimatsala ndipo zimadzawawitsa mkaka uli m'katoni.

Sambani m'manja ndi sopo. Tsukani bere ndi madzi ofunda, mulipukute ndi kansalu koyera, ng'ombe iliyonse kake. Bere lonyowa limadonthezera litsiro mu ndowa. Mkaka woyamba kutuluka m'nsonga iliyonse muukamire m'kapu yapadera ya pansi pakuda muuyang'ane. Tizibulumwa, timagazi kapena mkaka wamadzimadzi ndi zizindikiro za matenda a bere, ndipo ng'ombe yotero ikamidwe pomaliza, mkaka wake usasakanizidwe ndi wina. Ng'ombe imene yabayidwa mankhwala, dikirani masiku amene alembedwa pa botolo kapena amene alangizi a ziweto anena. Imene yangobereka kumene, mkaka wachikasu wa masiku oyambawo ndi wa thole, ndipo ukauwiritsa umagwirana.

Mukamaliza, sefani, tsekani, nyamukani. Mkaka ufike ku thanki yoziziritsira pasanathe maola awiri. Podikira, chidebe chikhale m'madzi ozizira pamthunzi, ndipo panjinga chikulungeni ndi chiguduli chonyowa. Wofunda wa m'mawa usathiridwe pa wozizira wa dzulo. Wa madzulo, ngati kulibe kopita nawo, uwiritseni kuti mumwe pakhomo kapena mupange chambiko, m'malo mouika pangozi yoti akaubweze m'mawa pamodzi ndi wabwino umene mwasakaniza nawo.

Chidebe chabwino ndi cha aluminiyamu kapena chitsulo chosachita dzimbiri, cha kukamwa kwakukulu. Zigubu za pulasitiki zimene munali mafuta ophikira n'zotchipa, koma dzanja sililowa, m'chogwirira mumabisala mkaka wakale, ndipo pulasitiki ikakalika mabakiteriya amakhala m'mizeremo. Mlimi amene mkaka wake ukubwezedwa kawirikawiri ayambe wanunkhiza chigubu chake chikauma.

Katsukidwe kake kali ndi ndondomeko. Tsukuluzani kaye ndi madzi ozizira mutangokhuthula mkaka, chifukwa madzi otentha oyambirira amaphika mapuloteni n'kuwamata m'mbali. Kenako tsukani ndi madzi otentha a sopo wosanunkhira ndi bulashi, kuphatikizapo chivundikiro ndi kansalu kosefera. Tsukuluzaninso, muthire madzi owira, mukhutchumule, mutaye. Musapukute ndi nsalu. Ikani chidebecho pa thandala, kukamwa kuyang'ane pansi, chiume ndi dzuwa kufikira nthawi yokamanso.